Pulogalamu ikakufunsani zaka ku Britain, yambani ndi nkhope, pasipoti isungeni

Kuyambira pa 25 July 2025, mapulogalamu a pa intaneti okhala ndi zithunzi ndi nkhani za akuluakulu akukakamizidwa kutsimikiza kuti wolowamo wakwanitsa zaka 18. Lamulo lake ndi Online Safety Act la 2023, ndipo oliyang'anira ndi a Ofcom, bungwe loona za mauthenga ndi intaneti ku Britain. Kampani yonyozera ikhoza kulipitsidwa mpaka mapaundi 18 miliyoni, kapena magawo 10 pa 100 a ndalama zonse zomwe imapeza padziko lonse. Ndiye musadabwe Reddit, Discord kapena X zikakuimikani pakhomo, ngakhale muli ndi imvi ngati ine.

Njira amakupatsani zingapo. Ine ndimati yambani ndi yojambula nkhope, chifukwa kompyuta imangoyerekeza zaka zanu osafuna dzina kapena nambala ya chiphaso. Koma jambulani masana. Imani moyang'anizana ndi zenera, kuwala kukumenyeni kumaso osati kumsana. Vulani chipewa ndi magalasi, foni ikhale molunjika maso, ndipo akati tembenuzani mutu, tembenuzani pang'onopang'ono. Kamera imavutika ndi khungu lathu lakudali mukakhala m'chipinda cha mdima, ndipo ife obwera ku shifiti ya usiku timakonda kuchita zinthu izi titagona pabedi, nyali titazimitsa. Ikakana, sinthani malo muyesenso.

Pena amalola credit card. Debit card sithandiza, poti ngakhale mwana wa sekondale amakhala nayo. Ena amafunsa kwa kampani ya foni yanu, monga EE, O2 kapena Vodafone, ngati nambalayo ndi ya munthu wamkulu.

Chiphaso chikhale chomaliza. Mu October 2025 a Discord adavomereza kuti zithunzi za ziphaso za anthu pafupifupi 70,000 zikhoza kukhala kuti zidagwa m'manja mwa akuba, kudzera ku kampani ina yomwe inkawathandiza kuyankha madandaulo. Kwa munthu wokhala pa visa, pasipoti ndiye moyo wake wonse kuno, si ya kuionetsa paliponse. Mukakakamizika, onani kaye kuti tsambalo mwalifika kuchokera mkati mwa pulogalamuyo, osati pa link yomwe yabwera pa meseji. BRP, khadi yomwe inkasonyeza kuti mlendo ali ndi chilolezo chokhala kuno, musavutike nayo, makadi aja adatha ntchito pa 31 December 2024.

Za ana tsopano. Mwana akabwera ndi foni nati, "Amayi, tangoyang'anani apa kamphindi," dziwani kuti akufuna kubwereka nkhope yanu. Kanani. Mukavomera, akaunti yakeyo imasanduka ya munthu wamkulu ndipo zonse zomwe zidatsekedwa zimamutsegukira. Muyang'anenso ngati mufoni mwake mwalowa pulogalamu ya VPN, yomwe imanamiza intaneti kuti ali kudziko lina. Mukaipeza, mufunseni kaye chomwe amaifunira musanaichotse, chifukwa kuiikanso sikutenga nthawi.