Musanagule projekita ya DLP yogwirapo kale ntchito

Musanapereke ndalama, uzani wogulitsayo awonetse pakhoma chithunzi chakuda bii, kenako choyera mbee. Mukaona timadontho toyera ngati nyenyezi pa chakudacho, kapena takuda pa choyeracho, isiyeni ngakhale atsitse mtengo.

Mkati mwa projekita ya mtundu wa DLP muli chip (kachipangizo kopanga chithunzi) ya kampani ya Texas Instruments yodzaza timagalasi ting'onoting'ono tobweza kuwala, toposa 2 miliyoni pa chip ya 1920 x 1080. Kagalasi kalikonse ndi kadontho kamodzi ka chithunzi. Kakapendekera ku lens (diso lotulukira kuwala) kadonthoko kamawala, kakapendekera kwina kamada. Kakakanirira mbali imodzi basi, kadonthoko kamangokhala koyera kapena kakuda, ndipo kagalasiko sikakonzeka, mumachita kusintha chip yonse. Ndipo timadonthoto timangochulukirachulukira.

Kutentha kumafulumizitsa vutoli. Mukapeza yabwino, muzichotsa fumbi potulukira mpweya, osaiyika pa pilo kapena m'kabati yotseka.