Momwe dokotala angapezere clinical attachment m'zipatala za NHS ku Britain

Dokotala amene anaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences kapena kwina kunja kwa Britain akayamba kufunsira ntchito ku NHS (National Health Service, bungwe loyendetsa zipatala za boma ku Britain), amapeza kuti olemba ntchito ambiri amakonda munthu amene akudziwa kale kayendetsedwe ka zipatala zawo. Pofuna kuthana ndi vutoli, ambiri amachita clinical attachment, yomwe ndi nthawi ya masabata angapo, kawirikawiri 2 mpaka 6, imene munthu amatsatira consultant (dokotala wamkulu, katswiri wa nthambi yake) n'kumaonerera ntchito popanda malipiro. Attachment si ntchito ndipo siipereka chilolezo chothandizira odwala. Phindu lake lalikulu ndi consultant amene wakudziwani bwino moti angakulembereni kalata ya umboni.

Choyamba, sankhani nthawi yoyenera. Chilolezo chogwirira ntchito chimachokera ku General Medical Council, bungwe loyang'anira madokotala ku Britain, ndipo ambiri amachipeza atapambana mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, kenako mayeso a udokotala a PLAB 1 ndi PLAB 2 (PLAB 2 imachitikira ku Manchester). Nzeru yabwino ndi kukonza kuti attachment iyambe mukangomaliza PLAB 2, chifukwa tikiti ya ndege imakhala imodzi, komanso kalata ya umboni imakhala ikadali yatsopano pamene mukufunsira ntchito.

Kenako pezani consultant wovomera kukuyang'anirani, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Zipatala zina zili ndi fomu pa intaneti komanso ofesi yoona za madokotala oonerera, koma m'malo ambiri zonse zimayamba consultant wina akavomera. Lemberani iyeyo kapena mlembi wake imelo yaifupi yonena kumene munaphunzira, pamene mwafika ndi mayeso, nthambi imene mukufuna ndi masiku amene mudzakhalepo, n'kuikapo CV. Kalata imodzi yotumizidwa kwa anthu ambirimbiri imadziwika msanga ndipo nthawi zambiri siiyankhidwa. Zipatala za m'maboma ang'onoang'ono zimayankha msanga kuposa zikuluzikulu za ku London, ndipo lendi kumeneko ndi yotsikirapo. Ngati pali dokotala wa kwathu kuno amene akugwira kale ntchito m'chipatalacho, mawu ake amodzi kwa consultant amaposa makalata ochuluka.

Akakuvomerani, ofesi ya ogwira ntchito idzafuna pasipoti, satifiketi ya digiri, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ndi umboni wa katemera kapena zotsatira za magazi pa matenda monga hepatitis B, chikuku ndi katsabola, komanso kuyezetsa TB. Zimenezi zimatha kutenga miyezi, choncho yambani msanga. Zipatala zina zimalipiritsa, ndipo ndi bwino kufunsa mtengo musanasaine. Wochokera kunja amalowa ndi Standard Visitor visa, yomwe imalola kukhala miyezi 6 ndi kuchita attachment, bola ikhale yopanda malipiro ndipo musapereke chithandizo kwa odwala.

Lamulo limeneli ndi lolemera kwa munthu amene anazolowera kuchita maopaleshoni a amayi oyembekezera usiku ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central, chifukwa tsopano ayenera kuima pambali manja ali kumbuyo. Simungalembe mankhwala kapena kuchita opaleshoni iliyonse, ngakhale yaing'ono. Consultant akalola ndipo wodwala akavomera, mungafunse mbiri ya matenda ndi kupima wodwalayo pamaso pa dokotala wokuyang'anirani. Kudumpha malire amenewa kungakuwonongereni mwayi wa chilolezo chimene.

Komatu kuonerera si kungoima. Sayansi ya matenda mukuidziwa kale. Chimene mwadzera ndi kachitidwe ka zinthu. Mvetserani mmene madokotala amasiyirana odwala pogwiritsa ntchito SBAR (ndondomeko yofotokozera mwachidule za wodwala), mmene anamwino amawerengera NEWS2 (mapointsi ochokera pa zizindikiro monga kupuma, kugunda kwa mtima ndi kutentha kwa thupi) kuti adziwe wodwala amene akuipiraipira, ndi mmene amakambirana ndi banja nkhani ya DNACPR (chigamulo chosayesa kudzutsa mtima wa wodwala ukaima). Onetsetsani mmene lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limagwirira ntchito ku England ndi Wales wodwala akakana chithandizo, chifukwa kumeneko achibale sasankhira munthu wamkulu amene nzeru zake zili bwino. Mafunso a pa intavyu amachokera m'zinthu ngati zimenezi. Pemphaninso kuthandiza pa audit (kuunika ngati chithandizo chikutsata miyezo yoikika) kapena kufotokoza nkhani ya wodwala pa msonkhano wa nthambi, kuti consultant adzakhale ndi chogwirika cholemba za inu.

Sabata yomaliza isanathe, pemphani kalata yotsimikizira masiku amene munakhalapo, ndipo funsani consultant mwachindunji ngati angalole kuti dzina lake mulilembe pa mafomu a NHS Jobs, tsamba la pa intaneti lofunsirapo ntchito za NHS. Dziwaninso kuti Malawi ndi Zambia ali pa mndandanda wa 2023 wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, wa mayiko osowa ogwira ntchito zachipatala, motero NHS ndi makampani olemba anthu saloledwa kudzasaka madokotala kuno, ngakhale kuti munthu payekha ali ndi ufulu wofunsira ntchito yolengezedwa. Wina akakulonjezani attachment yothera pa ntchito mukamulipira ndalama, funsani kaye kuchipatala chimene akutchulacho musanatumize kalikonse.