Kalembedwe ka nkhani ya upandu yokhala ndi munthu wosamva

Mchemwali wanga ndi wosamva, amagulitsa tomato mumsika wa Zomba. Ndikawerenga nkhani yosandutsa wosamva munthu wongomvetsa chisoni, mtima umandiwawa. Yambani mwacheza nawo anthu osamva, a MANAD, bungwe la anthu osamva m'Malawi, angakulozereni koyambira. Mawu oti "gonthi" asiyeni.

Mboni yosamva ya m'nkhani yanu isamawerenge milomo ya wakuba ali patali, zimenezo n'zovuta kwambiri. Ipatseni maso akuthwa, ione wakabaza akukhota mothamanga pa Chinamwali ku Zomba. Chinenero chamanja chili ndi malamulo akeake, ndipo nkhope imalankhula nawo, choncho lembani kuti "anakweza nsidze pofunsa". Magetsi akazima usiku manja saoneka, kucheza kwathera pomwepo. Mantha a nkhani yanu amangeni pamenepa. Kupolisi ikanipo womasulira, koma wapolisi pofunsa aziyang'ana mboniyo, osati womasulirayo.