Polemba pa Wikipedia, zamumtima mwanu zisiyeni kaye

Chiganizo chilichonse chomwe mwataipa muzidzifunsa kuti kodi izi ndazitenga kuti? Ngati yankho ndi loti "aliyense amadziwa" kapena "agogo ankatero", imani kaye.

Titenge nkhani ya John Chilembwe. Mukalemba kuti anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu mu 1900, ndipo kuukira kwake kunayamba pa 23 Januwale 1915, palibe vuto chifukwa zili m'mabuku, inu mungoika dzina la buku, wolemba, chaka ndi peji kuti wokayika akadzionere yekha. Koma mukati "anali wolimba mtima kuposa wina aliyense m'Malawi muno", amenewo ndi maganizo anu basi, olo akome bwanji mawa lomweli wina afufuta kapena amatapo kachizindikiro kaja ka citation needed, kotanthauza kuti pakufunika umboni.

Sikuti maganizo ndi oletsedwa ayi, bola akhale a katswiri amene anawasindikiza ndipo mum'tchule dzina, kuti wolemba mbiri uje akuti zakutizakuti. Akatswiri akasemphana lembani mbali zonse.

Pomwe ambiri amakodwa ndi pa kamawu koti "choncho". Buku lina lakamba za thangata, lina za nkhondo yoyamba yapadziko lonse ya 1914, inu n'kulumikiza nokha kuti eya ndiye chifukwa chake anaukira. Mwina mukulondola, inenso ndimaona momwemo, komabe sakani buku lomwe lazilumikiza lokha. Positi ya pa Facebook kapena voice note ya pa WhatsApp sizigwira, ndipo nkhani inzake ya pa Wikipedia pomwepo nayonso si umboni.