Mmene mungafufuzire mbiri ya banja lanu ku Ntcheu ndi ku Dedza

Yambani ndi agogo ndi amalume, ndipo muwafunse mayina a makolo, midzi imene anachokera komanso manda amene anaikidwa, chifukwa manda a banja sanama ngakhale anthu atasamuka. Lembani mfunda wa mbali zonse ziwiri. Izi n'zofunika kwambiri kwa Achewa, amene mbumba imayendera kuchikazi pamene dzina lolembedwa pachiphaso nthawi zambiri ndi la bambo.

Kenako pitani kumishoni. Mabuku a ubatizo ndi a ukwati, monga a ku Mua kumene ansembe anafika mu 1902, amasunga mayina a makolo ndi mudzi wawo, ngakhale kalembedwe ka dzina kamasinthasintha malinga ndi khutu la wolembayo. Zikalata za boma la atsamunda zili kunyumba yosungira zakale ku Zomba.

Chenjerani ndi mayina otchuka. Kukhala Phiri kapena Banda sikutanthauza kuti ndinu wachibale wa Phiri aliyense, pakuti mafuko amenewa ndi aakulu kwambiri. Chimodzimodzinso Amaseko, mfunda wa mafumu a Angoni a ku Ntcheu: mfumu Gomani Chikuse anaphedwa ndi asilikali a Britain mu 1896, ndipo Philip Gomani anachotsedwa paufumu mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, koma si Maseko aliyense wochokera kubanja lachifumu, popeza Angoni ankalowetsa m'gulu lawo anthu ogwidwa pankhondo. Ngati banja lanu likunena za ubale wotere, kafunseni akuluakulu pamwambo wa Angoni wa Umhlangano ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu, mutanyamula mayina amene mwalemba kale.