Kompyuta yomanga nokha yayaka koma sikirini ili bii: poyambira si pa driver

Zipangizo mwagula ku Limbe, mwatsika nazo Thabwa mpaka ku Nchalo, mwamanga, mwadina batani. Mafani akuzungulira bwinobwino koma sikirini ikungolemba No Signal. Ambiri akafika apa amathamangira kugula bandulo kuti akoke driver, pulogalamu yoyendetsa khadi la graphics, ya NVIDIA kapena AMD. Nanga muiika bwanji pa makina oti sakuonetsa kanthu? Chithunzi choyamba chimachokera ku BIOS, pulogalamu yosungidwa mu motherboard (bodi yaikulu ya kompyuta) yoyamba kudzuka mukayatsa, imene pa makina a masiku ano ndi UEFI. Iyoyo imadzutsa kapulogalamu kosungidwa m'khadi la graphics momwemo: VGA BIOS pa makhadi akale, GOP pa atsopano. Windows nayo imabwera ndi driver yake yongoyambira, Microsoft Basic Display Adapter. Ndiye logo ya motherboard iyenera kuoneka ngakhale musanaike hard disk kapena SSD. Ikapanda kuoneka, vuto lili pa chingwe, pa magetsi, pa RAM, pa khadi kapena mu BIOS.

Musanasomeke kukhoma, tembenuzani power supply muone kumbuyo. Zina zakaunjika zochokera ku America zimakhala ndi kaswitchi kofiira ka 115 ndi 230. Magetsi athu ndi a 230V. Kakakhala pa 115 mudzangomva phuu ndi fungo la zopserera.

Tsopano onani pamene mwasomeka chingwe cha sikirini. Kumbuyo kwa kesi kuli malo awiri: mabowo a motherboard pamwamba, pafupi ndi a USB, ndi mabowo a khadi la graphics pansi pake, ogona chopingasa. Ngati mwaika khadi, chingwe chipite pa khadilo, chifukwa mabodi ambiri akaona khadi amatseka mabowo awo. Ngati mulibe khadi, mabowo a motherboard amagwira ntchito pokhapokha purosesa ikhale ndi graphics m'kati mwake. Ya Intel yothera ndi F, monga i3-10100F kapena i5-12400F, ilibe. Ryzen 5 3600 ndi 5600X zilibenso, koma 5600G ili nayo. Ma Xeon otchipa a pa mabodi a X79 ndi X99 alibe. Bowo la HDMI kukhalapo pa bodi si umboni wa chilichonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya tsiku lathunthu.

Nkhani ya ma adapter ndi yofunika kuifatsira, poti masikirini ambiri amene tili nawo kuno ndi akale aja a VGA, a bowo labuluu. VGA ndi analogi, pamene HDMI ndi DisplayPort ndi digito, choncho pakati pake pamafunika adapter yokhala ndi kachip kosinthira. Imagwira mbali imodzi yokha: ya HDMI kupita ku VGA singagwire mobwerera. Kachitsulo kaja ka DVI kupita ku VGA, kopanda chip, kamagwira pa DVI-I yokha. Yang'anani bowo la DVI pa khadi lanu. Ngati pozungulira kampata kopyapyala kaja pali timabowo tinayi, ndi DVI-I. Ngati kampatako kali kokha, ndi DVI-D, ndipo VGA simutulukamo. Makhadi a NVIDIA kuyambira GTX 1050 ndi 1060 kupita m'tsogolo analogi anaisiya. Njira yachidule ndi kubwereka TV ya HDMI, kusankha Source yoyenera ndi rimoti, n'kuyesera pamenepo. Siyani sikirini imodzi yokha, ndipo muiyatse isanayake kompyuta. Makhadi ena a GTX 900 ndi GTX 10 amada pa DisplayPort mpaka Windows italowa. NVIDIA inatulutsa pulogalamu yokonzera zimenezi mu 2018, koma poyamba ingogwiritsani HDMI.

Zikakanikabe, zimitsani, zulani chingwe kukhoma, dinani batani loyatsira masekondi khumi kuti magetsi otsalira athe, gwirani chitsulo cha kesi, kenaka lowani m'kati. Chingwe cha mapini 24 aliyense amachikumbuka. Chimene chimaiwalika ndi cha purosesa, cha mapini 8 chogawika 4 ndi 4, chosomeka pakona yakumtunda ya bodi. Popanda icho, mabodi ambiri amazunguliza mafani koma purosesa ili m'tulo. Musachisokoneze ndi cha khadi, chogawika 6 ndi 2, chifukwa mawaya ake ndi osiyana. Chikakana kulowa musakakamize. Slot ya PCIe, imene khadi limalowamo, imapereka mawati 75 okha. Chingwe cha mapini 6 chimaonjezera 75, cha mapini 8 chimaonjezera 150, ndiye khadi ngati RX 580 silidzuka popanda chingwe chake. Khadilo likhale mu slot yaitali yoyandikana ndi purosesa, likanikizidwe mpaka kachotsekera kalire.

RAM ndi imene imavutitsa kuposa zonse. Chotsani zonse, siyani imodzi mu slot yachiwiri kuchokera ku purosesa, yolembedwa A2 pa mabodi a ma slot anayi. Kanikizani mbali zonse ziwiri ndi zala zazikulu mpaka mumve kuti thwa. Ikakana yesani inzake. Fumbi la m'chilimwe ndi chinyezi cha nthawi ya madzi osefukira zimadetsa timano tagolide ta RAM ndi ta khadi, makamaka pa zipangizo zimene zinakhalitsa m'katoni ku Bangula kapena ku Makhanga. Pukutani timanoto pang'onopang'ono ndi labala yoyera ya pensulo, kungululani zinyenyeswa, ndipo mu slot upuzirani ndi blower, osati ndi pakamwa. Ngati ndi DDR5, makamaka pa mabodi a AMD a AM5, kuyatsa koyamba kumatha kutenga mphindi zingapo sikirini ili yakuda, bodi ikuyeza RAM. Ipatseni mphindi zisanu musanaizimitse.

Bodi imanena yokha pamene yakodwa. Zambiri zatsopano zili ndi timagetsi tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, ndipo kamene katsala koyaka ndi kamene kakuloza vuto. Kakaima pa BOOT, sangalalani: khadi ladutsa, kwatsala chingwe kapena sikirini. Pa zakale somekani kasipika pa mapini olembedwa SPEAKER. Kulira kumodzi kwakufupi ndiye kuti zonse zili bwino. Kumodzi kwakutali kotsatana ndi kuwiri kapena kutatu kwakufupi, pa mabodi ambiri, ndi khadi la graphics.

Bodi yakaunjika imabwera ndi zimene mwini wake wakale anasankha mu BIOS, mwina anatseka graphics ya purosesa. Zulani kukhoma, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zisanu, bwezerani. Ngati muli ndi multimeter kayezeni, kazikhala pafupi ndi 3V.

Mavuto ena awiri ndi a kusagwirizana kwa zakale ndi zatsopano. Khadi lopangidwa 2012 isanafike nthawi zambiri lilibe GOP, ndipo bodi yatsopano imene CSM, njira ya mu BIOS yolandirira zipangizo zakale, ndi yozimitsa singathe kuonetsa nalo kanthu. Lowani mu BIOS pogwiritsa graphics ya purosesa kapena khadi lobwereka, yatsani CSM, sungani, kenaka bwezerani lakale lija. Kwinaku, bodi ya B450 yokhala ndi BIOS yakale siizindikira Ryzen 5000. Ngati ili ndi batani la BIOS Flashback kapena Q-Flash Plus, ikani fayilo ya BIOS yatsopano pa fulashi ya FAT32, itchuleni dzina limene buku la bodi likunena, somekani pa bowo la USB lolembedwa BIOS, n'kudina batanilo. Izi musachite popanda UPS (batire yosunga magetsi) kapena solar yodalirika, chifukwa magetsi akathima pakati bodi ikhoza kufa. Dziwaninso kuti ma inverter otchipa a modified sine wave sagwirizana ndi ma power supply ena a active PFC: makina amayaka n'kuzima okha.

Kuyaka n'kuzima pakapita masekondi ochepa kumachitikanso cooler yoziziritsa purosesa ikakhala pendapenda, kapena kapulasitiki kapansi pake kakaiwalika osamatula. Kutentha kwa ku Ngabu mu Okutobala, kopitirira madigiri 40, sikukhululukira zimenezo. Thermal paste, imene imapakidwa pamene cooler imagunda purosesa, ikhale kadontho ngati njere ya nandolo pakati pa purosesa.

Logo ikaoneka, dinani Del kapena F2 kuti mulowe mu BIOS, onani ngati RAM yonse ikuwerengedwa, ikani Windows. Zilembo zidzaoneka zonenepa, zithunzi zotambasuka, nthawi zina pa 1024x768. Palibe chaonongeka, ndi driver yongoyambira ija. Apa ndiye pofunika driver yeniyeni, ndipo ndi yolemera mamegabaiti mazanamazana, choncho ikokeretu pa fulashi kumene kuli netiweki yabwino. Sikirini ikada mutaika driver imeneyi, dinani Win, Ctrl, Shift ndi B pamodzi. Zikakanika, zimitsani makina ndi batani katatu Windows ikungoyamba kulowa kuti itsegule Recovery, lowani Safe Mode, chotsani driver ndi pulogalamu ya DDU (Display Driver Uninstaller), yesani ina yakaleko. Ngati mukugwiritsa Ubuntu m'malo mwa Windows, logo ikadutsa n'kuda, dinani e pa GRUB, menyu yooneka Ubuntu isanalowe, lembani nomodeset pambuyo pa quiet splash, kenaka F10.