Momwe mungayambire kusonkhanitsa makobili akale asiliva a ku Germany

Yambani ndi makobili a ufumu wa Germany, a pakati pa 1873 ndi 1918, chifukwa miyeso yake ndi yodziwika bwino. Dzikoli litagwirizana mu 1871, linakhazikitsa ndalama imodzi, Mark, yotsamira pa golide. Siliva anangotsala wa ndalama zogulira zinthu tsiku ndi tsiku, ndipo Thaler, ndalama yakale yasiliva, inkawerengedwa ngati 3 Mark mpaka 1907.

Musanagule kobili lililonse, pezani sikelo yoyeza mpaka 0.01 g, galasi lokulitsa zinthu ndi maginito. Makobiliwa ali ndi siliva magawo 900 pa 1,000, ndipo pa Mark iliyonse pali 5 g ya siliva weniweni. Choncho 1 Mark imalemera 5.56 g, 2 Mark 11.11 g, 3 Mark 16.67 g, pomwe 5 Mark ndi 27.78 g, mulifupi mwake 38 mm. Kobili loyenda m'manja ambiri limapepukako pang'ono chabe; likaperewera galamu yathunthu, lisiyeni. Maginito akaligwira, ndi lachinyengo. Koma akapanda kuligwira musafulumire kusangalala, poti mkuwa nawonso sugwidwa.

Kenako funani kachilembo kosonyeza komwe linasulidwa: A ndi Berlin, D Munich, F Stuttgart, G Karlsruhe, J Hamburg. Pa 1 Mark kali m'munsi mwa chiwombankhanga. Pa makobili akuluakulu kamakhala pansi pa mutu wa mfumu. Pa mutu wa mfumupo mpamene pagona mtengo. Kuyambira 2 Mark kupita m'mwamba, dera lililonse linkaika mfumu yake kapena chizindikiro cha mzinda wake, motero a Prussia, dera lalikulu kwambiri, ndi osasowa, pomwe a timadera ting'onoting'ono ndi odula. Woyamba kumene asankhe dera limodzi, aleke kumwaza ndalama.

Tembenuzaninso muone m'mphepete. Pa 3 Mark ndi 5 Mark panalembedwa GOTT MIT UNS. Achinyengo ochita kutsanulira makobili m'chikombole amasiya zilembo zofufutika, kamzere m'mphepetemo ndi timaenje pankhope.

Chonde musalikweche. Phulusa, mankhwala otsukira mano kapena a ziwiya amasiya timikwingwirima tomwe wogula amationa msanga pagalasi, mtengo nkutsika. Kuda kwa kobili lakale nkwachibadwa, ndipo odziwa amakukonda. Ligwireni m'mphepete, lisungeni palokha m'kapusulo (kabokosi kosungiramo kobili) pamalo ouma, kutali ndi labala, amene amadetsa siliva, ndi timatumba tofewa ta pulasitiki ya PVC tomwe timasiya ndere yobiriwira.